Anapiye a Don Evaristo

Ciudad Juárez, 17 Novembala

Okondedwa amake Marleni,

Moni kwa inu ndi onse a pakhomo. Ndikhulupirira bondo lija lasiya kukuvutani, ndipo Marleni ali bwino pamodzi ndi kamdzukulu kanga Tobías, kamene ndimangokamvera dzina. Ine ndili moyo, kungoti kwayamba kuzizira. Ndinkayesa kuti ife obadwira kumapiri a Todos Santos chisanu timachidziwa. Cha kuno n'china. Kwathu chimakugwira m'mawa n'kukusiya dzuwa likakwera, pamene kuno mphepo ya m'chipululu imalowa m'mafupa n'kukhazikika momwemo.

Kalatayi ndapatsira Don Chepe, wonyamula katundu wa kwathu uja, monga mwa nthawi zonse, pamodzi ndi ndalama ndi phukusi. Mugule malata a khola la nkhosa, zotsalazo musungire ulendo wa Marleni. Kalatayi akuwerengereni Marleni, achimwene anu a Cirilo asamve kuti zafika. Foni yawo timabwereka, inde, koma mmero wawo mukuudziwa.

Kufakitale tikumangabe mawaya a magalimoto. Loweruka ndi Lamulungu ndayamba kukathandiza kunyumba ya alendo ya kutchalitchi, kumene amagona mabanja odikira kuwolokera ku Amereka. Salipira, musavutike n'kufunsa. Ndi komwe anandisunga ine nditabwezedwa pamalire ndilibe ngakhale nsapato. Komanso Marleni akadzafika adzagona komweko podikira kupita kwa mwamuna wake kutsidyako, ndiye ndi bwino adzapeze bambo ake ali odziwika.

A Sisitere Amparo, amene amayendetsa nyumbayo, andipatsa ntchito yogawa zofunda. Sabata yatha kunabwera Don Evaristo, mwini sitolo ya zovala kumsika, ndi mabelo a majekete atsopano, onse achikasu, akuluakulu ndi ang'onoang'ono. Titaveka ana n'kuwatulutsa pabwalo, Chayo wophika anaseka mpaka kugwira khoma. Anati, "Taonani anapiye a Don Evaristo. Langosowa thadzi basi. Iwe Chapín, ugone pansi uwafungatire." Amanditchula choncho monga amatitchulira tonse a ku Guatemala, pakamwa pake palibe chitseko.

M'phukusimo mupeza awiri, lalikulu la Marleni ndi kakang'ono ka Tobías. Ndinapempha kwa a Sisitere, sindinabe. Adzavale pa ulendo, njirayi si ya kabulawuzi.

Pali tina tikunong'onedwa kuno, koma ndiyambe ndamvetsa.

Ndine amunanu,
Anselmo

1 Disembala

Amake Marleni,

Ndikupatsani moni. Ine chimfine chinandigwira koma chandisiya. Mundiuze ngati mbatata zapulumuka ku chisanu, ndiponso ngati phukusi linafika losatsegulidwa.

Zonong'onedwa zija zatuluka poyera. Banja lina la ku El Salvador, bambo, mayi ndi ana awiri, linatuluka masana kukatenga ndalama zimene abale awo anatumiza. Silinabwerenso. Mawa lake abale aja analandira foni yowauza mtengo wa mutu uliwonse. Amene amachita zimenezi sititchula dzina lawo, timangoti anyamata aja. Aka n'kachiwiri m'masabata ochepawa.

Chondizunguza mutu n'chakuti mumzinda muno anthu ndi ambiri ngati nyerere. Anyamatawo amadziwa bwanji kuti uyu ndi mlendo, ali ndi abale kutsidya oti angalipire? A Sisitere anatiitana othandiza tonse n'kunena motsitsa mawu kuti m'nyumbamo muli khutu. Kuno amatchula choncho munthu amene amadya nanu, kupemphera nanu, kenako n'kukanena kunja kuti uje watuluka. Kuyambira tsiku limenelo aliyense akuyang'ana mnzake cham'mbali. Ngakhale Chayo ndamuyang'ana kawiri.

Koma maso anga aima pa mayi wina wa ku Honduras, dzina lake Suyapa. Ali ndi kamtsikana kosalankhula. Tsiku limene anafika ndinamutengera zofunda monga ndimachitira ndi aliyense.

"Mayi, nali jekete lanu, ili ndi la mwana."

Anabweza manja kumbuyo ngati ndikumupatsa njoka. "Zikomo bambo, sitikuzizidwa."

"Simukuzizidwa? Nanga mano a mwanayu akuwombanirana chiyani, akuimba nyimbo?"

"Bulangete tilandira. Jeketelo apatseni ena."

Mwaonapo mayi wokana chofunda mwana wake akunjenjemera? Munthu wotero ali ndi kwina kumene akudalira. Ndipo amandiyang'ana moipa, ngati ndinamudyera chake.

Marleni mumuuze adekhe kaye. Sindikufuna kuti mwana wanga adzagone m'nyumba imene muli khutu. Ndilipeza asanafike, kuona maso a nkhono n'kudekha.

Amunanu,
Anselmo

15 Disembala

Amake Marleni,

Kalata yanu ndailandira, ndipo ndakondwa kuti nonse muli bwino ndi kuti jekete lamukwana Marleni. Kakang'onoko mukuti n'kakakulu, mupinde manja, mwana amakula.

Tsono mayi, zinazi mwazitenga kuti? Mukuti theka la kalata yanga linali la mkazi wa ku Honduras, ndiye mukufuna kudziwa ngati ndi wokongola. Ine nkhalamba yothothoka mano, wogona m'chipinda chimodzi ndi amuna asanu onunkha mapazi, ndikhale ndi chibwenzi? Mkaziyo ndikumuyang'ana monga mumayang'anira galu wozungulira khola. A Cirilo akamakuwerengerani makalata anga asamawonjezere mchere wawo.

Kunagwa chipale chofewa Lachitatu. Ana a kumayiko otentha anatuluka kukachigwira, ena kuchilawa, pabwalo ponse pali chikasu chokhachokha. Zinali zokongola, sindinama. M'nyumbamo tsopano anthu akugona mpaka m'tchalitchi, pansi pa mabenchi, ndipo gasi wotenthetsera wakwera mtengo kawiri. Ine ndimafika m'mawa, kugawa zofunda, kukolopa, kunyamula miphika ya nyemba, n'kumasulira a kwathu amene Chisipanishi chimawavuta.

Atengedwanso ena, bambo wina ndi mwana wake wamwamuna. Anangopita kukagula mankhwala a chifuwa pakona pomwepa. Ndine ndinamuveka mwanayo jekete m'mawa womwewo, n'kumukokera zipi mpaka m'khosi. Mayi ake akhala pakhomo kuyambira tsikulo, sakudya.

Tsono tamvani. Suyapa amatuluka pafupifupi tsiku lililonse. Amavala kajuzi kotuwa kakalekale, kumanga tsitsi ngati amayi a kuno, kutenga thumba la kumsika, mwana kudzanja, ulendo. Amabwerako bwinobwino, palibe womukhudza. Loweruka ndinamutsatira chapatali. Anagula buledi, anaima pang'ono kuyang'ana uku ndi uku, analankhula pafoni, basi n'kubwerera. Atandiona anawoloka msewu mothamanga, mwana ali m'manja. Wosalakwa amathawa chiyani?

Ndinamufunsa Chayo maganizo ake. Anati, "Chapín, iwe unabwera kudzakolopa kapena kudzakhala wapolisi? Chipewa chake ndikusokere?" Koma pambuyo pake anavomera kuti nayenso samumvetsa mayiyo.

Nkhosa yopunduka ija muigulitse isanaonde. Wowolotsa anthu pamalire uja akabwera kudzanena za tsiku loti Marleni anyamuke, mumuuze kuti bambo ake akuti adikire.

Amunanu okhulupirika, ngakhale mukukayika,
Anselmo

29 Disembala

Amake Marleni,

Moni wa Khirisimasi, ngakhale wafika mochedwa. Ndili bwino. Ndinakumbuka matamale anu aja a ufa wa chimanga ophikira m'masamba, a kuno ndi owonda ngati chala.

Mukuti wowolotsa wakana kudikira, akuti gulu linyamuka pakati pa Januwale ndipo wotsala ndalama zake zapita. Nkhaniyi yandisowetsa mtendere. Ndiye kuti nthawi yandithera.

Pa Khirisimasi Don Evaristo anabwera ndi maswiti ndi belo lina la majekete. Ndi munthu wonenepa, woseka, amagwira ana pamutu. Anadya pa tebulo la a Sisitere, n'kuuza ana onse kuti avale ajambulidwe nawo chithunzi. Ana anaimba, amayi ena analira pothokoza. Ine ndikuyang'ana m'gulumo ndinaona kuti Suyapa mulibe. Ndinakamupeza kuseri kochapira zovala, atamukumbatira mwana wake, pozizira pomwepo.

Ndinati, "Mayi, anthu akusangalala uko, inu mwabisala. Mukuopa chithunzi?"

Anayankha kuti, "Inu ndiye simuchiopa, eti?"

Mawu amenewo ndinawatembenuza uku ndi uku osawamvetsa. Koma munthu wothawa chithunzi ndi munthu amene nkhope yake ikudziwika kwina.

Dzulo ndinapita kwa a Sisitere n'kuwauza zonse: kukana jekete, kutuluka osakhudzidwa, foni, kubisala. Anandimvetsera atatseka maso. Anati, "Anselmo, ukudziwa kulemera kwa zimene ukunenazi? Ndikamutulutsa, ndatulutsa mayi ndi mwana m'chisanu." Ndinati ndikudziwa, koma nanenso ndili ndi mwana ndi mdzukulu amene akubwera kudzagona pano. Anati aganizira mpaka chaka chitalowa.

Ndikuuzeni zoona, mtima wanga sunapepuke monga ndinkayembekezera. Kamtsikana kaja kanandiyang'ana ndikutuluka mu ofesi. Koma wina ayenera kulankhula.

Mumugulire Marleni nsapato zotseka, osati zapulasitiki zija. M'mphepete mwa siketi mumusokere kandalama kapadera. Majekete asawaike m'thumba, avale kuchokera pakhomo.

Amunanu,
Anselmo

9 Januwale

Fabiana,

Moni ndikupatsani, mkazi wanga, koma za moyo wanga musafunse. A Cirilo akuuzani kale kuti ndinaimba foni ndikulira, ndipo mwina mukuti amuna anga apenga. Ndikufuna mumve zonse kuchokera kwa ine.

Lamulungu masana ndinali m'chipinda chosungira zofunda. Analowa Suyapa n'kutseka chitseko. A Sisitere anali atamuuza kuti afunefune kwina kokhala.

Anati, "Ndamva kuti ndine khutu. Chabwino. Ine khutu, nanga inu ndinu chiyani, dzanja?"

Ndinati alankhule zomveka.

"Kwanu mumaweta nkhosa, si choncho? Zopita kumsika simuzipaka utoto pamsana? Tawatchuleni anthu onse amene atengedwa pano. Anavala chiyani potuluka?"

Ndinayamba kuwakumbukira mmodzimmodzi. Banja la ku El Salvador. Bambo uja ndi mwana wake. Ena a m'mbuyomo. Ndinakhala pa belo.

Anati, "Chaka chatha tinali kumalire ena, kum'mawa uko. Kumeneko anatipatsa majekete ofiira. Tinathokoza mpaka misozi. Tsiku loyamba kutuluka nawo, galimoto inaima. Tili m'katimo ndinamva wina akuuza mnzake pafoni kuti, tatola ofiira awiri. Mchemwali wanga anagulitsa munda kuti titulukemo. Mwanayu ankalankhula, bambo, ankaimba."

Ndinafunsa kuti nanga bwanji sananene.

"Ndinene kwa yani? Wobweretsa amadya pa tebulo la a Sisitere. Wogawa ndi inu, mumandithamangitsa nalo tsiku ndi tsiku ngati mwalipidwa, mpaka kunditsatira kumsika. Ine ndimagona ndi mpeni chifukwa cha inu."

Fabiana, masabata onsewa ine ndimasaka khutu, chonsecho ndine ndimaveka anthu chizindikiro ndi manja angawa, n'kuwakokera zipi. Ndiye ndinakumbuka phukusi lija.

Ndinathamangira foni. A Cirilo anayankha mosangalala. "Alamu, anyamuka dzana, wowolotsa anafupikitsa tsiku. Mukanawaona, kuwala ngati maluwa a dzungu, mudzi wonse unatuluka kudzawaona." Ndinati amuimbire Marleni avule msanga. Anati mafoni onse wowolotsa anatolera, amabweza akafika.

A Sisitere nditawauza anagwira pakamwa. Anapita okha kukapepesa kwa Suyapa, nanenso ndinapepesa. Iye anati nyumba imene yamutchula kale khutu sangagonemo, mawa wina akatengedwa adzamukumbukiranso. Anachoka m'mawa mwake ndi kajuzi kake kotuwa, kunja madzi ataundana m'zidebe. Palibe akudziwa kumene wapita. Amati wakutsina khutu ndi mnansi, ine mnansi wanga ndamuthamangitsira m'chisanu.

Chayo sanaseke tsiku limenelo. Anagula utoto wakuda n'kuwiritsa majekete onse mumphika wa nyemba. Don Evaristo atabwera n'kuona zakuda zili pachingwe, anangofunsa kuti, "Wakuuzani ndani kuti muchite zimenezi?" Sanakwiye, sanaseke. Kaya amadziwa, kaya anyamatawo anangoona okha mtunduwo n'kuugwiritsa ntchito, ine sindinganene. Ndasiya kuloza anthu chala.

Mabasi ochokera kumwera amaima ku Villa Ahumada kuti anthu adye asanalowe mumzinda muno. Ndikupita kumeneko. Ntchito ya kufakitale ndaisiya, mwezi uno musayembekezere kanthu. Muyatse kandulo.

Anselmo

Villa Ahumada, 14 Januwale

Amake Marleni,

Ndili moyo, ndikhulupirira inunso. Sanafike. Musachite mantha, ulendowu umachedwa, amabisala m'njira masiku angapo.

Kuno ndi kamudzi ka m'mbali mwa msewu, mphepo ndi fumbi basi. Mayi wina wogulitsa totiya, timikate topyapyala tija ta tchizi, wandilola kugona kuseri kwa kanyumba kake. Malipiro ake ndimamunyamulira thireyi kulowa nayo m'mabasi. Zandikomera, chifukwa wogulitsa palibe amamufunsa chimene akufuna. Ndimayenda mpaka kumpando wakumbuyo, pakamwa ndikuitanira malonda, maso ali pa anthu. Mayiyo akuti sanaonepo wogulitsa wopusa ngati ine, wodutsa munthu amene watukula ndalama.

Taganizani, Fabiana. Marleni ndinamusiya ali kamtsikana koluka tsitsi pawiri, lero ndi mayi. Tobías sindinamuonepo. Usiku anthu amafunda kumutu, masana amayang'ana pansi. Chimene ndingawadziwire ndi chikasu chomwecho. Ndikupemphera kuti avule, ndikupempheranso kuti asavule.

M'thumba ndasunga juzi lakuda ndi kabulangete kotuwa zoti ndidzawaveke.

Pali munthu wina pano wachipewa chachikopa, nsapato zake zopukutidwa bwino. Sagulitsa kanthu, sakwera basi. Basi ikaima amayenda m'mbali mwake kusuzumira m'mawindo, kenako amapita poduka mphepo kukalankhula pafoni. Mwina akudikira mbale wake ngati ine. Ndinalakwirapo kale munthu, ndiye sindinena zambiri. Koma dzulo anandipatsa moni n'kundifunsa kuti, "Achikulire, inu mukusaka mtundu wanji?" Ndinati ndikusaka wanjala. Anaseka.

Basi ikamaima ndimaonetsetsa kuti pakhomo ndafika ndine woyamba.

Amunanu,
Anselmo

Ciudad Juárez, 20 Januwale

Okondedwa amake Marleni,

Moni, ndipo pumani. Ali pano. Pafoni ndinangoti afika, tsono imvani mmene zinayendera.

Linali Lachisanu chakumasana. Nditakwera basi ndinaona kanthu kachikasu kumpando wapakati, kali pamiyendo pa mayi wovalanso chikasu. Thireyi ndinaisiya pamiyendo pa munthu wina. Ndinafika n'kugwira zipi ya mwanayo, osapereka ngakhale moni. Marleni anakuwa kuti wakuba, n'kundiluma padzanja. Mano ndi anu amenewo, chipsera chilipo. Ndinamulankhula m'chinenero chathu, kumutchula dzina lija munkamuitanira ali wakhanda. Anandiyang'anitsitsa, kenako anati, "Bambo, mwakalamba bwanji."

Ndinawavula ali chowerama pansi pa mpando kuti a pawindo asaone, n'kuwaveka zakuda zija. Majekete ndinawakulunga m'thumba. Wowolotsa anafuna kulankhulapo, ndinamuuza kuti zake analandira kale, atisiye. Tinatsika ngati banja la pamudzipo. Wachipewa uja anali pawindo lakumbuyo, akusuzumira.

Tsono pali chimene sichikundichoka mumtima. Titatsika, anatitsatira mayi wina wa m'basi momwemo, wa ku Honduras mwa kalankhulidwe, ali ndi mwana wovala kamalaya kamodzi, milomo itachita kuda ndi kuzizira. Anaona zonse zimene ndinachita.

Anati, "Bambo, ngati mukukataya, tipatseni kakang'onoko."

Ndinati ayi.

"Mwana wanga akufa ndi chisanu, inu mwakulunga jekete m'thumba?"

Ndikanamufotokozera, koma wachipewa anali atasendera pafupi, akuyatsa fodya. Ndinangoti silabwino. Mayiyo anati, "Mulungu akukuonani." Ndiye ndinavula jekete langa lija lakale, labulauni, n'kumupatsa. Analiyang'ana, n'kundiyang'ana ine, n'kuyang'ana thumba. Anafunsa kuti bwanji ndikukaniza latsopano n'kupereka langa, muli chiyani m'menemo. Anabweza manja kumbuyo, ndendende mmene anachitira Suyapa, n'kukwera basi.

Sindinamuthamangire nalo. Ndinapatsa mayi wa totiya kuti akamusiyire pampando ngati laiwalika. Kaya anamuveka mwanayo, sindikudziwa.

Achikasu aja tinawatentha kuseri kwa kanyumba, ndipo tinalowa mumzinda pa galimoto yonyamula tchizi. Marleni ndi mwana akugona m'tchalitchi, pafupi ndi chotenthetsera. Tobías ali ndi mphumi yanu, ndipo amakana kubwera kwa ine. Chayo akuti mwanayo ndi wanzeru.

Kufakitale malo anga anapatsa wina, ndiyamba kufunafuna mawa. Masana ndikumazungulira nyumba zina za alendo kufunsa za mayi wa kajuzi kotuwa ndi kamtsikana kosalankhula. Kulikonse amandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kundifunsa kuti ndikumufuniranji, wandituma ndani. Sandiuza kanthu, ndipo akuchita bwino.

Ndine amunanu,
Anselmo